Wozimitsa Moto mu Mzinda wa Chiperoni

Phulusa la pamafuwa a Teleza linayamba kupezeka lonyowa m'mawa, chonsecho denga la khitchini silinkadontha. Oyamba kuona anali amake, mayi Esnat, amene anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unapindika ngati chikwakwa. Atalitapa, phulusalo linamata m'zala, ndipo fungo lake analidziwa. Anasambitsapo mitembo yambiri ku Nsabwe konse, ngakhale ya mabanja amene sanabwere n'komwe kudzapepesa iwo ataferedwa. Linali fungo la madzi otsala m'beseni mukatha kusambitsa maliro.

Sabata yomweyo Teleza anagwa m'munda dengu lili kumsana. Kuchipatala anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, osapeza kanthu. Iye ankangozizira. Anamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba, koma mapazi anali ngati mwala wa mumtsinje. Mwamuna wake, Zakeyu, mlonda wa usiku ku fakitale, akaweruka ankakhala pakhonde n'kumalira, mamina mpaka pachibwano, anthu odutsa n'kumati koma bambo uyu ngwachikondi.

Tsiku lina kunabwera Lestina wa nyumba yoyandikana nayo, atanyamula mphika umene anabwereka chaka chatha, tsopano wopanda chivundikiro. Atanunkhiza phulusa lija anatseka chitseko ndi chidendene.

"Amake Teleza," ananong'ona, "mwana wanu akumuzimitsira moto."

"Moto uti? Nkhuni ndi izi, zouma gwa."

"Si wa pano. Chiperoni chikatsika, kumunsi kwa damu, kumene tiyi anasiya kumuthyola kuja, kumadzuka mzinda. Aliyense wamoyo kuno ali ndi nyumba yake kumeneko, ndipo m'nyumbamo mumayaka moto wake. Ndiye pali munthu amene amamulemba ganyu yokazimitsa. Amavumata madzi a maliro m'kamwa, n'kumakalavulira pamotopo pang'onopang'ono. A Peterson akapitawo aja anapita choncho."

"Inu munapitako, kapena mwazimva pa mjigo?"

"Ine ndi miyendo iyi? Akuti polowa umayenda chafutambuyo, dengu lothyolera tiyi utalivala chozondotsa. Ndangomva, musanditchule."

Usiku umenewo chiperoni chinatsika, chifunga chija chonyowetsa zovala popanda mvula. Mayi Esnat anagona pambali pa mwana wawo. Mabulugama anali zii. Kenako kuchokera kumunsi, kumene kulibe nyumba ngakhale imodzi, kunayamba kumveka phokoso la msika: mabelu a njinga, chigayo chikulira chapansipansi, ndi mawu a anthu ambiri olankhula ngati ali ndi nsanza m'kamwa. Mano a Teleza ankagundana. Pambali pa mlomo wake panatsika kamadzi kotuwa, ndipo amake atapukuta ndi chitenje anachitaya kuchimbudzi.

Usiku wotsatira Teleza sanawazindikire amake. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinatera pamilomo pake, m'mwezi wozizira umene ntchentche sizioneka n'komwe. Mayi Esnat anaziingitsa mpaka mkono unatopa, ndipo anaona kuti mwanayu usiku wina saudutsa.

Mawa lake dzuwa litalowa anamanga timitengo touma m'chitenje, anavala dengu chozondotsa, natsikira kudamu chafutambuyo. Tiyi wakale ankawakwalula m'ntchafu. Pena pake nthaka inasintha, inayamba kufunda kumapazi ndi kuterera ngati matumbo a mbuzi yophedwa kumene. Atatembenuka, mzinda unali pomwepo.

Mitengo ya tiyi inali itakula kukhala nyumba zosanjikizana, zitseko zili m'makungwa. Nyali zobiriwira zinkalendewera m'mwamba popanda chozigwira. Pamsika anthu otuwa, opanda malilime, anayala malonda m'madengu othyolera tiyi: tsitsi lometedwa pamaliro, zikhadabo, mano, michombo ya makanda yoyanika ngati usipa. Mmodzi anawatambasulira dzanja lodzaza ndi chinthu chogwedezeka kuti alawe. Mayi Esnat anasanza pomwepo, anapukuta pakamwa, napitirira.

Zitseko zinalibe mayina, koma mayi sasokoneza fungo la mwana wake. Nyumba ya Teleza inali kumapeto kwa kanjira kopapatiza, ikununkhira tiyi wauwisi ndi thukuta la pamutu pake. M'katimo munali matope otuwa, ndipo pakati pake panatsala khala limodzi lalikulu ngati nyemba. Anagwada, anaika timitengo tija, nauzira mpaka kamoto kananyambita.

Ali chigwadire anamva mapazi panja, phwata, phwata, osafulumira. Anatuluka n'kuima pakati pa kanjirako.

Chinkabweracho chinali munthu wamaliseche, thupi lonse atapaka phulusa losakaniza ndi mafuta owola, nkhope yosadziwika. Masaya anali atatupa ngati a chule, madzi otuwa akudontha pachibwano mpaka pamimba. Ankayenda chowerama, ngati wozolowera njirayo. Atafika pafupi anadzutsa mutu, maso awo anakumana.

Munthuyo analumphira kumbali kwa njira, ananjuta, natembenuzira nkhope kutchire, manja akuomba pang'onopang'ono. Thupi linachita lokha mutu usanaganize. Kwathu kuno mkamwini saima panjira imodzi ndi apongozi ake, amapatuka ndithu n'kubisa maso. Ndipo mayi Esnat anali ndi mkamwini mmodzi yekha.

Mayi Esnat anaganiza msanga. Anaona kuti akamuthamangitsa abweranso mawa, ndipo akamulanda madziwo akavumata ena. Choncho nawonso ananjuta patali pang'ono, monga mwa ulemu wake.

"Mwaswera bwanji, apongozi?" anatero mayi Esnat.

Zakeyu anali atakodwa, madzi ali m'kamwa. Kulavula pamaso pa apongozi n'kutukwana, kukhala chete atakupatsa moni n'kutukwananso.

"Ndikupereka moni, bambo. Kapena kwanu ku Kapichi sanakuphunzitseni kuyankha akuluakulu?"

Khosi lake linakwera n'kutsika. Madziwo analira pomezedwa ngati ngalande yotsekeka ikatseguka, ndipo anameza onse.

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu," anatero ndi mawu onyowa.

"Ife taswera. Kodi fakitale anaisamutsira kuno?"

"Amayi, ine sindisankha khomo. Amasankha ndi wonditumayo."

"Ndani?"

"Sanena dzina. Anandilonjeza njinga yamoto."

"Njinga yamoto," anabwereza mayi Esnat. "Munda ndinakupatsani, malo omangapo nyumba ndinakupatsani, maliro a bambo anu ndinaphika ndine. Mwana wanga mwamuyeza ndi matayala awiri. Dzukani muzipita, musandidetse m'maso."

Zakeyu atachoka, mayi Esnat anakhala pamoto paja akusonkhezera mpaka atambala analira, mzinda n'kusungunuka m'chifunga, iwo n'kupezeka ali khale pakati pa tiyi wakale, maondo ali matope okhaokha.

Kunyumba anapeza Teleza atakankha mabulangete, akufunsa ngati kuli phala. Zakeyu anam'peza anzake pageti la fakitale, mimba itatupa ngati ng'oma, akuzizira, ntchentche zobiriwira zili pamilomo. Abale ake anabwera kudzamutenga, ndipo atamwalira anatuma uthenga wopempha mayi Esnat kuti akathandize pamaliro, poti ndi odziwa mwambo. Iwo anayankha kuti msana ukuwawa.

Teleza anamulira mwamuna wake ndi mtima wonse, ndipo amake sanamuuze kanthu. Ankangoyang'ana mmodzimmodzi amene ankabwera kudzapepesa, pakuti wolonjeza njinga uja akadali moyo, ndipo aganyu sasowa. Mpaka lero chiperoni chikatsika, othyola tiyi ochedwa kuweruka amaona mayi wopindika msana akutsikira kudamu chafutambuyo, dengu lili chozondotsa, mtolo wa nkhuni zouma uli m'manja.