Kachidwi ndi Botolo Lakuda

Panali mtsikana wina. Onse ankamutcha Kachidwi. Chilichonse ankafuna kuchiona ndi maso ake. Koma chinthu chimodzi anali asanachione. Anali asanaone moto wa bambo ake.

Bambo ake ankawotcherera zitsulo. Ankapanga zitseko ndi mawindo kuseri kwa nyumba. Poyamba ntchito, ankavala chigoba kumaso. Chigobacho chinali ndi kagalasi kakuda bii.

"Kachidwi, tembenuka," bambo ankatero. "Moto uwu sayang'ana."

Kachidwi ankatembenuka. Ankangomva moto ukuthetheka. Ankangoona khoma likuwala.

Tsiku lina anatola botolo lakuda. Analipingasa pamaso. Bwalo linada. Nkhuku yoyera inada. Zovala za pachingwe zinada.

"Eya! Nanenso ndapeza galasi lakuda," anatero Kachidwi.

Anabisala kuseri kwa mgolo. Bambo anatsitsa chigoba chawo. Kachidwi anakweza botolo lake.

Moto unali woyera mbee. Timoto tinkalumpha. Timoto tinkagwa pansi. Kachidwi anayang'ana. Anayang'anabe. Maso sanapweteke.

"Si izi! Palibe chachitika," anatero.

Madzulo maso anayamba kuyabwa. Kachidwi anawatikita. Sanauze munthu. Anapita kukagona.

M'mawa anafuna kutsegula maso. Maso anakana. M'maso munali ngati mchenga. Mchenga wake wotentha. Misozi inkangotuluka yokha. Kuwala kwa pawindo kunkabaya ngati singano.

"Amayi! Amayi! Sindikuona!"

Amayi anabwera akuthamanga. Bambo anabwera akuthamanga. Azakhali nawo anabwera, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mayo ine! Mwana wachita khungu!" anakuwa azakhali.

Kachidwi anamva mawuwo. Khungu! Analira kwambiri.

"Alamu, musakuwe," anatero amayi. "Mukumuopseza mwana."

"Timuthire madzi a shuga," anatero azakhali. "Kapena a mchere."

"M'maso mwa mwana si m'kapu mwanumo," anatero amayi. "Sitithiramo kanthu. Tiyeni kuchipatala."

Amayi anamuphimba kumaso ndi nsalu yoyera. Bambo anamubereka. Ulendo unayambika.

Panjira Kachidwi anamva galimoto. Sanaione. Anamva galu. Sanamuone. Anamva anzake akuseka. Sanawaone. Anagwira khosi la bambo zolimba.

"Bambo?"

"Ee, mwanangu."

"Kodi ndidzaonanso?"

Bambo anangowonjezera liwiro. Kachidwi anamva msana wawo ukunjenjemera. Mantha ake anakula.

Kuchipatala anakhala pabenchi. Benchi linali lozizira. Pankanunkha mankhwala. Kenako mawu a mayi wina anamveka.

"Lowani. Ine ndine namwino. Ndatseka makatani. Chotsa manja kumaso, mwanawe. Usatikite."

"Zikupweteka," anatero Kachidwi.

"Ndikudziwa. Ndidontheza kamankhwala kuti ndione bwino. Kazizira pang'ono."

Dontho linagwa m'diso ili. Dontho linagwa m'diso ilo. Ululu unachepa. Anamwino anayang'ana ndi katochi.

"Mulibe mchenga. Mulibe kachitsulo," anatero. "Dzulo unayang'ana chiyani?"

Kachidwi anaweramitsa mutu. Bambo anali pomwepo.

"Nena msanga," anatero amayi. "Kukhala chete sikuchiza maso."

"Ndinayang'ana moto wa bambo," anatero Kachidwi motsitsa mawu. "Koma ndinali ndi galasi lakuda."

"Galasi liti?" anafunsa bambo.

"Botolo."

"Botolo!" anatero bambo.

"Tamvera, mwanawe," anatero anamwino. "Botolo limangodetsa zinthu. Silitchinga kuwala kowotcha. Kuwala kuja kwapsereza maso ako pamwamba. Galasi la bambo ako ndi lapadera. Analipangira ntchito imeneyo."

"Koma dzulo sizinapweteke."

"Ndi mmene kumachitira. Kumawotcha mwakachetechete. Ululu umabwera pambuyo."

Kachidwi anafunsa, "Ndiye ndachita khungu?"

"Ayi. Mwabwera msanga. Simunathiremo zinazina. Mawa kapena mkuja udzatsegula maso. Zikapitirira, mubwerenso."

Anamwino anapatsa amayi mankhwala opaka m'maso. "Akhale m'chipinda cha mdima. Asatikite."

Kunyumba Kachidwi anagona m'chipinda. Amayi anatseka windo ndi bulangeti. Kamankhwala kaja kanatha mphamvu. Mchenga uja unabweranso. Mantha aja anabweranso.

"Amayi, anamwino sananame?"

"Sananame. Chotsa dzanja kumaso."

"Amayi, bwanji kunja kuli zii?"

"Bambo ako sakugwira ntchito. Akhala pakhomo apa ngati mlonda."

Amayi anapaka mankhwala. Kachidwi anadikira. Amayi anapakanso. Kachidwi anadikirabe.

Kunacha. Kunada. Kunachanso.

"Tiye, tsegula maso," anatero amayi.

"Ndikuopa."

"Opa, koma tsegula."

Kachidwi anatsegula diso limodzi pang'ono. Anaona chinthu choyera. Linali khoma. Anatsegula diso linalo. Anaona chitseko. Anaona zala zake. Anaona amayi. Anaona azakhali atagwira pakamwa.

"Ndikuona! Amayi, ndikuona!"

Pakhomo panaima bambo. Kachidwi anawayang'ana. Anawayang'anitsitsa.

"Bambo, maso anu afiira psuu! Nanunso munayang'ana moto?"

"Ayi," anatero bambo. "Ndi utsi."

"Utsi uti?" anatero amayi. "Chichokereni kuchipatala simunayatse kanthu. Bambo akowa akhala akulira ngati khanda."

Azakhali anaseka. Amayi anaseka. Bambo anakanda mutu.

"Bwerani, bambo," anatero Kachidwi. "Khalani apa."

Bambo anakhala pabedi. Anakweza dzanja kuti apukute m'maso. Kachidwi analigwira dzanjalo.

"Musatikite," anatero.