Yakale Imadya Akale

Mishari ankagulitsa matayala ogwiritsidwa kale ntchito m'kashopu kothina ku Shuwaikh, mumzinda wa Kuwait. Msuweni wake Talal anali ndi galimoto ziwiri zofiira zaliwiro, za kampani imodzi ya ku Italy: yakale ya chiwongolero chamtengo ndi yatsopano yodzaza mabatani. Amuna a pamtundu akasonkhana kumwa khofi kwa amalume awo, mkangano unali umodzimodzi, woti yoposa inzake ndi iti. Tsiku lina Mishari anayesa kuponyapo mawu.

"Khala chete, kape iwe," anamudula Talal. "Galimoto waidziwira kuti, munthu wa matayala ophulika?"

Onse anaseka, ndi amalume omwe.

Mishari anapita ku Jahra kwa sing'anga wina wokalamba, Bu Sagr, kukafuna mankhwala a chuma. Mkuluyo anamva zonse akutafuna zipatso za kanjedza, kenako anafunsa ngati akufuna galimoto yakale kapena yatsopano.

"Pali kusiyana kodi, bambo?"

"Kulipo. Yakale imadya akale, yatsopano imadya atsopano. Zonse zimamwa magazi a pamtundu pako. Sankha imodzi, ndipo usadzawonjezere."

Mishari anakumbukira kuseka kwa amalume aja, nasankha yakale. Anapatsidwa chithumwa chosokedwa m'chikopa cha ngamila kuti akakwirire pakhomo pa shopu.

Malonda anayenda modabwitsa. Eni malole anayamba kumufunafuna, ndipo pasanapite nthawi anagula galimoto yakale yoposa ya Talal. Sabata yomwe galimotoyo inafika, amalume anagwa pamkeka wopempherera osadzukanso. Mishari sanagwetse msozi.

Koma galimotoyo inali ndi khalidwe lake. Injini ikangokana kulira, pamtundu pamagwa maliro, ndipo akaika malirowo imalira bwinobwino. Anapita azakhali amene anamulera. Anapitanso mayi ake, omwe dzulo lake anali akumuphikira mpunga wa nkhosa. Mishari anayamba kuopa kugwira kiyi.

Talal sanasiye chipongwe. Ankauza anthu kuti yakale angagule aliyense wotola chuma, koma yatsopano eni kampani amagulitsa kwa anthu odziwika okha. Mawuwo anamudya Mishari usiku ndi usana, mpaka anabwerera ku Jahra kukapempha yatsopano.

"Uli ndi ana angati?" anafunsa Bu Sagr.

"Mmodzi."

"Ndiye mtengo wake ukuudziwa. Wandivutiranji?"

Panjira Mishari anadzinamiza kuti akuluakulu aja anafa ndi ukalamba chabe. Anayenda m'maofesi, ananyengerera, mpaka yatsopano inafika. Mwana wake wamkazi, Dalal, anakweramo akuseka, akudina mabatani onse. Madzulo ake thupi la mwanayo linatentha. Madokotala sanapeze matenda, ndipo Lachisanu anamuika m'manda.

Mkazi wake Hessa atamva chilungamo, anamulavulira kumaso nabwerera kwa makolo ake. Mishari anathira petulo galimoto zonse ziwiri masana dzuwa likuswa mtengo, naziyatsa. Motowo unalowa m'nyumba n'kutha zonse.

Lero amayenda m'misewu ya Shuwaikh atatambasula manja ngati wagwira chiwongolero, akulira ngati injini. Akaona kamtsikana amaima n'kutsegula chitseko chimene palibe. Talal akamudutsa amakweza galasi.

Nsanje ndi dyera sizikhuta. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi amene umadana nawo, koma sichichoka pakhomo chisanadye amene umawakonda.