Foni Itakana Mkamwini

Foni ya a Nason inakana pulogalamu ya mkamwini wawo pa tsiku loipa: Lamlungu, pabwalo la tchalitchi ku Mkaika, akulu a mpingo atazungulira. A Nason ankangofuna kuonetsa anzawo luso la mwamuna wa mwana wawo Febby. M'malo mwake panatuluka chenjezo lofiira lonena kuti wopanga pulogalamuyi sadziwika, ndipo ikhoza kuwononga foni. Mkulu wina anabisa foni yake m'thumba la jekete ngati waona wakuba pamsika.

A Nason atafika kunyumba anamenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa.

Mkamwiniyo anali Tobias, wa ku Vubwi. Zaka zitatu anakhala pachikamwini, m'kanyumba ka kuseri kwa apongozi ake. Chake chenicheni pakhomopo chinali chimodzi: pulogalamu yotchedwa Tinyamule, yothandiza alimi a soya ndi mtedza kupeza anzawo obwereka nawo lole yopita ku Katete. Anaipanga yekha pa laputopu yothyoka kona, ndipo alimi ankangopatsirana foni ndi foni popanda intaneti. Pansi pake panalembedwa dzina lake, ndipo dzinalo ankalinyadira, tisaname.

Koma mafoni atalandira malamulo atsopano a chitetezo, zinthu zinathina. Eni malamulowo ankati akuteteza anthu kwa akuba, ndipo akubawo alipodi. Wofuna kuti pulogalamu yake izilowa m'mafoni ankayenera kulembetsa, kutumiza chitupa, komanso pepala losonyeza adiresi m'dzina lake. Tobias anatumiza katatu, katatu anamubweza. Bilu ya magetsi inali ya a Nason. Nanga mkamwini pepala la nyumba alitenga kuti?

Masana a Lamlungu lomwelo a Nason anamuitanira pakhonde. Tobias anakhala pansi chapatali, maso pansi. A Nason anamukumbutsa kuti wadya za pakhomopo zaka zitatu akungodinadina laputopu, ndipo lero mpingo wonse ukunena kuti iwo akusunga wobera anthu m'mafoni. Akazi awo a Zione, ali kuseri kwa chitseko monga apongozi aakazi amachitira, anaponyapo lakuti galimoto zopita ku Vubwi sizisowa.

"Atate, sindinabe kanthu," anatero Tobias. "Foniyo siyikundidziwa chabe."

"Nafenso tayamba kukayika ngati tikukudziwani," anayankha a Nason. "Lamlungu likubwerali chenjezolo likhale litachoka. Apo ayi, mutsanzike ana."

Lolemba Tobias anapita ku Katete kwa Munir, wokonza mafoni, kukafunsa njira ina. Munir anamuonetsa kanjira kobisika mkati mwa foni, kodutsa machenjezo anayi, lililonse loopsa kuposa linzake. Onse awiri anadziwa kuti palibe mlimi angadine kupitirira chenjezo loyamba. Tobias anabwerako mtima uli zii.

Febby ndiye anali ndi yankho, ndipo analinena m'mawa mwake akulira. Iye anali mphunzitsi, anali ndi kalata ya kubanki yokhala ndi adiresi ya sukulu. Akalembetsa m'dzina lake, mafoni avomera. Tobias anamufotokozera kuti wolembetsayo ndiye amakhala mwini, ndipo iye sadzathanso kusintha ngakhale kachilembo kamodzi popanda chilolezo cha mkazi wake.

"Febby, nyumba ndi yanu, munda ndi wanu, ana ndi a mtundu wanu. Ichinso?"

"Ndiye musankhe, atate a Zikomo," anatero Febby, kutchula mwana wawo woyamba mwadala. "Dzina likhale pa pulogalamu yosatseguka inu muli ku Vubwi, kapena mukhale pano ndi ife. Ine sindikukulandani. Ndikufuna mwamuna wanga."

Tobias anatuluka n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka Febby anapita kusukulu. Anali ndi mkwiyo, koma wosowa woulozetsa. Mkazi wake sanalakwe, ndipo amene anapanga lamulolo sankadziwa n'komwe kuti kuli Mkaika. Lachitatu anafufuta dzina lake ndi manja ake, n'kulemba la Febby. Loweruka yankho linabwera kuti avomera.

Lamlungu pulogalamu inatseguka bwinobwino pamaso pa akulu omwe aja. A Nason anakweza foni m'mwamba n'kuwawerengera dzina la mwana wawo, kenako anati kuphunzitsa mwana wamkazi n'kwabwino, taonani wakonza zimene zinakanika ena. Anthu anaomba m'manja. Febby anafuna kulankhula, koma mayi ake anamugwira dzanja, iye n'kungogwetsa misozi pa chitenje.

Pobwerera kunyumba a Zione anachepetsa liwiro mpaka mkamwini anayandikira. Osamuyang'ana, ananena mokoma mtima ndithu kuti popeza za mafoni wazitenga Febby, soya wauma kumunda, ndipo mawa akayambe kuzula cha kumtsinje.

Tobias anasintha phewa lomwe ananyamulira Zikomo.

"Ndamva, amayi."