Undione pa Buleki

Anzanga amati ndine wamiseche, ndipo sindikana, nkhani m'kamwa mwanga sigona. Koma iyi si miseche ayi. Iyi ndi ya amayi anga ondibereka, ndipo amayi osesa pasukulu pathu akhoza kundichitira umboni, chifukwa nawonso anamva ndi makutu awo.

Pasukulu pathupo, pomwe amayi amaphunzitsa, panali aphunzitsi ena amene tonse tinkawatchula kuti a Undione. Ukalakwitsa kwambiri, pansi pa ntchito yako ankalemba ndi bolopeni yofiira kuti "Undione pa buleki." Ndiye unkapita kukaima pa tebulo lawo la pakona m'chipinda cha aphunzitsi. Kumenya sankamenya. Ankangokubwerezetsa mpaka utakhoza, buleki yonse n'kutha iwe osadya, iwonso osadya. Ukazemba, ankakulondola mpaka kwanu, kope lako lili m'manja. Akachonga, kachizindikiro kawo kankakhala ndi kamchira kopindika ngati ka nkhumba. Potsegula tsamba ankanyambita chala, ndipo ankamveka fungo la mankhwala opaka pamphumi aja onga bulugamu, poti mutu sunkawasiya.

Aphunzitsi awiri atasamutsidwa, ahedi anawaunjikira a Undione makalasi atatu, ana opitirira mazana atatu. Anapirira matemu awiri. Lachinayi lina masana anagoneka mutu pa mulu wa makope, bolopeni ili m'manja. Amayi osesa anachita kusesa mozungulira mapazi awo pang'onopang'ono kuti asawadzutse. Sanadzukenso.

Sabata isanathe, makalasi awiri mwa atatu aja anagwera amayi anga, pamwamba pa yawo ija.

"Bwana, ndi imodzi yomweyi ndikulephera kupuma," anatero amayi.

"Pirirani mayi, aphunzitsi ena ali m'njira," anayankha ahedi. Akuti malemunso ankawauza zomwezo.

Ee, kunyumba zinthu zinasintha. Amayi ankabwera ndi makope m'thumba ngati achokera kumsika. Ankagona chakudya chili m'manja. Tsiku lina ndinapeza choko m'chitini cha shuga, ndinaseka ndekha, iwo sanaseke nawo. Maso anali psuu.

Lachisanu lina anatopa zoti sakanatha kunyamula kalikonse. Mulu wa makope anausiya pa tebulo la pakona lija, poti ndi pokhapo panali malo. Palibe ankakhalapo chimwalirire eni ake.

Lolemba tinalawirira limodzi. Amayi anatsegula chitseko, ine pambuyo ndi chikwama chawo. Anatenga kope lapamwamba. Lochongedwa. Lachiwiri, lochongedwa. Onse, mpaka lapansi. Kachizindikiro kalikonse kanali ndi kamchira. Ndinagwira pakona pa tsamba, panali ponyowa.

"Amayi, mwachonga liti?"

"Tseka pakamwa iwe."

Ndinatsekadi, ndipo mukudziwa mmene zimandivutira.

Madzulo ake anasiyanso mulu wina. Uwu anasiya dala. Sindikuwanena ayi, munthu aliyense wotopa akanatero. Kwa masabata atatu amayi anga anabwerera mwakale. Ankagona bwino, ankaimba pochapa, anandiluka tsitsi koyamba chiyambire temu.

Koma amayi osesa anandikokera kuseri kwa kalasi. Anati akamafika m'mamawa, chipinda chikadali chokhoma, amamva bolopeni ikuyenda mkati. Kwe. Kwe. Kenako tsamba likutembenuzidwa. Kenako kachifuwa kouma, ngati ka malemu.

"Ukawauze amako," anandinong'oneza. "Wakufa satumidwa."

Ndinawauza. Anati, "Iweyo ndi amayi osesawo, bwerani mudzachonge ndinu."

Ndiye linafika tsiku limene anasonkhanitsa makope mwachangu, n'kuphatikizamo buku lawo la mapulani a maphunziro. Mmenemo munali masamba ambiri osalembedwa, poti nthawi yolemba analibe. M'mawa mwake linali pamwamba penipeni pa mulu. Tsamba lililonse lopanda kanthu linali lodulidwa ndi mzere wofiira. Pa lomaliza panalembedwa mawu atatu.

Undione pa buleki.

"Musapite," ndinatero. "Tiyeni tizipita kunyumba, munene kuti mwadwala."

Amayi anatseka bukulo.

"Mwana akazemba, a Undione ankatani?"

"Ankamulondola kwawo."

"Ndiye ukufuna abwere kumene umagona iwe?"

Belu la buleki linalira. Dzuwa linali phwee. Aphunzitsi ena onse anali ku ofesi ya ahedi, ku msonkhano wa mayeso. Amayi analowa okha n'kutseka chitseko. Ine ndi amayi osesa tinatsamira pansi pa zenera, katani ili yotseka.

Ana ankasewera mpira pabwalo pomwepo, koma phokoso lawo linkamveka kutali, ngati tili pansi pa madzi.

Mpando unakokedwa.

Kenako wina.

"Ndabwera, madamu," anatero amayi, ndi timawu ta mwana wa kalasi yoyamba.

Kachifuwa kouma.

Fungo la bulugamu linatulukira pazenera mpaka maso anga analengeza misozi. Amayi osesa anandifinya dzanja.

Kwe.

Kwe.

Zii.

Kenako mabolopeni anayamba kumveka awiri. Imodzi yothamanga, ina yotsalira. Yotsalirayo inayamba kufulumira. Inafulumirabe. Mpaka ankagunda pamodzi, osasiyanitsikanso.

Belu linalira. Chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka ali bwinobwino, buku lili m'khwapa, masamba onse odzaza. M'chipindamo munalibe munthu. Mipando iwiri inali yokokedwa.

"Mutu ukundiwawa," anangotero, n'kulowa m'kalasi.

Chichokereni tsikulo, amayi osesa akuti m'mamawa sikumvekanso kanthu. Makope sagonanso pa tebulo la pakona, chifukwa pamakhala amayi anga tsopano. Pa buleki sadya. Agula kabotolo ka mankhwala opaka pamphumi. Sadandaula, saimba, tsitsi langali ndikuluka ndekha. Akatsinzina pampando kunyumba, dzanja lawo lamanja limangoyenda lokha pa ntchafu, likuchonga, likupinda kamchira.

Ndinalimba mtima n'kukawauza ahedi zonse. Anaseka mpaka kupukuta magalasi. "Iwe ndiye uja wamiseche eti? Amayi ako ndi mphunzitsi wolimbikira kuposa onse pano."

Dzulo pa asembule anawaimiritsa kutsogolo, tonse tinawaombera m'manja. Kenako analengeza kuti poti aphunzitsi ena aja akadali m'njira, amayi atenganso kalasi yachinayi.

Ndinawayang'ana, ndikuyembekeza kuti akana.

Amayi analandira kaundula wa kalasiyo ndi manja awiri. Ananyambita chala, n'kutsegula tsamba loyamba.