Khutu la Zatonse

Ndikanama pano mphezi inding'ambe pakati, mbali ina mukaitole ku Njuli! Ine sukulu ndinangoiona padenga, koma agalu ndimawadziwa kuposa madokotala. Ndinabadwa ndikumva chilankhulo chawo. Ndiye mverani.

Kwa Likoswe kunali banja la a Albert, ophunzitsa katekisimu. Dzina lawo linali loyera ngati ufa wa pamphasa. Chuma chawo chinali dzinalo basi, ndi kagalu kowonda kotchedwa Zatonse, ka khutu lakumanzere lothyoka, kamene kankawaperekeza kutchalitchi Lamulungu lililonse. Ngakhale makanda ankakadziwa.

Mwana wawo Francisko anapeza ntchito yotsuka makola kwa mayi Idesi, oweta agalu achizungu kumsewu wa ku Nguludi. Mayiwo anali ndi chigalu champhongo, Chiphaliwali. Mutu ngati mtondo! Chikauwa, mapapaya ankagwa okha mpaka kwa Likoswe.

Chigalucho sankachikweretsa, chikanathyola msana wa galu wamkazi. Ankabwera dokotala wa ziweto, n'kutenga mbeu yake m'kabotolo, n'kuithira mwa galu wamkazi ndi kachubu. Pakatha masiku 63, tiana ngati mikango. Francisko ankaonerera mpaka manja ake anaidziwa ntchitoyo.

"Zimene ukuonazo uzizisiya komweko," anatero a Albert. "Munthu wakukhulupirira ndi makiyi, usamuyankhe ndi zala."

Koma pasiteji panali Rafaeli wakabaza, wa pakamwa pa shuga.

"Aise, mpaka liti ukuwola manyi a galu? Anthu akulira mbeu ya Chiphaliwali, kwa amayiwo mtengo akulephera. Iwe kachubu ukukadziwa."

"Chigalu chija chimalola dokotala yekha. Ine chingandimeze ndi nsapato zomwe."

"Nanga kwanu kulibe galu?"

"Zatonse?"

"Mbeu ili ndi nkhope? M'botolo yonse ndi yoyera, mphwanga."

Francisko anaseka. Mawa lake kachubu ka mayi Idesi kanali m'thumba mwake.

Rafaeli ankabweretsa anthu, Francisko ankathira. Woyamba anali wagolosale wa pa Njuli. Kenako aphunzitsi. Kenako mayi Nester a m'kwaya, amene anati, "Mwana wa a Albert sanganame." Sabata isanathe anali atathira agalu khumi ndi awiri, ndipo Zatonse ankayenda chopepesuka.

"Galuyu wadwala chiyani?" anafunsa a Albert. "Nanga iwe foni yatsopanoyo yagwa kumwamba?"

"Ndi mphatso, ababa."

"Mphatso imene imakulepheretsa kundiyang'ana m'maso, kaibweze."

Sanabweze. Ndipo masiku aja anayamba kumutsekera ngati chitseko. Chathiridwa sichitapika. Akadutsa kugolosale, galu wamimba akumugwedezera mchira. Akalowera kusukulu, aphunzitsi akukhoma kale khola la mikango. Atafuna kuthawira ku Limbe, mayi Nester anamupeza pasiteji n'kumugwira dzanja: "Usachoke, udzaone zidzukulu zako!" Atafuna kuulula kwa abambo ake, lilime linauma ngati chikopa. Rafaeli? Anapalasa njinga mpaka ku Mozambique.

Tsiku linakwana. Lamulungu, Misa itangotha, a Albert anapeza pabwalo la tchalitchi pali madengu khumi ndi awiri. Ine ndinawerenga ndekha tiana 96. Tonse towonda. Tonse khutu lakumanzere lothyoka. Zatonse anafika n'kuyamba kutinyambita kamodzikamodzi.

"A Albert," anatero mayi Nester, "ife tinagula dzina lanu, osati botolo. Nanu munadyako?"

A Albert anavula chipewa n'kuwerama, munthu amene sanabepo ngakhale singano.

Francisko analiyatsa liwiro, khamu lili pambuyo. Atafika kwa mayi Idesi, anaona khola lamdima, n'kudziponyamo n'kukoka chitseko. Khwatcha! Chitseko chija chimatsegulidwa ndi munthu wa kunja yekha. Kumbuyo kwake kunamveka mpweya wotentha.

Chiphaliwali.

Sichinauwe. Chinangogona pakhomo, n'kusanjika mutu pa phazi lake. Akasuntha chala, chikung'ung'udza. Kunja anthu ndi ndodo, mkati mano. Mayi Idesi anafika ndi makiyi, chigalu chinawaonetsa mano mwini wake yemwe. Mnyamata anaima chilili masiku atatu, mpaka akangaude anamanga ulusi m'khwapa mwake.

Tsiku lachitatu anabwera a Albert, Zatonse ali pambuyo.

"Ababa, nditulutseni!"

"Makiyi a khola limeneli ali pakamwa pako. Nena, anthu amve."

Francisko analira ngati mbuzi. "Ndinaba kachubu! Mbeu inali ya Zatonse! Abambo anga sankadziwa kanthu, ndinagulitsa dzina lawo ndine!"

Pomwepo chigalu chinadzuka. Koma chitseko chisanatseguke, chinaimirira ndi miyendo iwiri n'kumuluma kamodzi kokha. Khutu lakumanzere. Kuchipatala anasoka, koma silinaimenso.

Ntchito inatha. Mtsikana amene ankamufuna anakwatiwa kwina. Agalu 96 aja eni ake anawakana, ndipo akuwadyetsa yekha ndi maganyu mpaka lero. Akamapita kumunda onse ali pambuyo pake, makutu ofanana. A Albert anthu anawapepesa, koma kuphunzitsa anasiya.

Ana inu, tchimo lili ngati mbeu ya m'botolo. Polowa silioneka nkhope, koma lili ndi masiku ake, ndipo likabadwa limafanana ndi kwanu. Musabe, musaname, musagulitse dzina la makolo anu.

Tsono wina wa Fomu 4 anandiuza kuti khutu lothyoka silitengera kumtundu, ndiponso galu sadziwa kumanzere. Zamkutu! Iye anabadwa liti? Apite kwa Likoswe akawerenge makutu, akabwere andiuze.