Mng'alu Pansi pa Penti

Ingvar Dahlgren anachoka kwa Viggo usiku utapita kale, wapansi, galimoto ndi ngolo yake atazisiya pabwalo. Kwathu kuno ku Värmland, m'dziko la Sweden, munthu akalawa ngakhale katambula kamodzi ka kachasu sagwiranso chiwongolero, ndipo malonda a njinga yamoto satha popanda katambula. Ingvar anamwa tingapo. Viggo, wogulayo, anangonyowetsa milomo poti m'mawa anali ndi ulendo.

Ingvar anali mmodzi mwa anthu aja ine sindiwamvetsa, ogula njinga zamoto koma osazikwera. M'chipinda chake chofunda zinali ndanda, zokhetsedwa mafuta, zopukutidwa Lamlungu lililonse ngati mbale za alendo. Imene anagulitsa tsikulo ndiyo inali mfumu ya zonse: njinga yakuda ya mtundu wa bobber, yopangidwa pamanja, ya mpando umodzi, matayala onenepa, giya yosinthira ndi dzanja, kutsogolo yopanda buleki. Injini yake ikalira, mawindo a nyumba zoyandikana ankanjenjemera. Ina yofanana nayo kunalibe.

Koma inali ndi chilema. Ingvar anaigula ili yophwanyika kwa ogulitsa zitsulo zangozi, felemu itang'aluka pakhosi, pamene pamagwira foloko ya tayala lakutsogolo. Kuika felemu yatsopano kukanaichotsera ulemu, choncho iye anangowotcherera mwachiphamaso, napala, namata, napaka penti wakuda. Pa njinga yongoyang'ana zinali zokwanira. Viggo, bambo wa ndevu zofiira woyendetsa makina odulira mitengo, anafunsa kamodzi kokha.

"Pakhosipa pali bwinobwino, mdala?"

"Iwe, ukundiona ngati wa dzulo? Anakonza akatswiri. Ukhoza kukokera nayo ng'ombe."

Viggo anaseka, nati kukangocha aikwera kupita kumsonkhano woyamba wa okwera njinga chaka chino, kudzera msewu wa kumapiri uja chisanu chimausiya uli maenje okhaokha. Ingvar ankadziwa chimene dzenje loyamba lidzachite pa liwiro. Anameza kachasu wake osamuchenjeza. Ndinene poyera, umenewo unali mtima woipa.

Tsopano anali yekha m'nkhalango ya paini, chipale chofewa chotsalira chikuyera m'mbali mwa msewu. Ankadzilankhula kuti mwina igwira, kuti munthu wogula chakale amadziwa yekha. Anadutsa tchalitchi ndi manda ake osatembenuza mutu. Potsetsereka kulowera kumlatho, mtsinje ukukokoma ndi madzi a chipale chosungunuka, anamva kulira kwa injini.

Du... du... du...

Anaima. Nyali panalibe. Kumbuyo mdima, kutsogolo mdima. Koma kuliraku ankakudziwa, ndipo njinga yolira choncho inali itatsekeredwa m'galaja kwa Viggo. Fungo la petulo ndi oilo wopserera linamudzaza m'mphuno.

Pakati pa mlatho panaima munthu. Wamtali, wa jekete lachikopa, chipewa chachitsulo chili m'manja. Madzi ankadontha kuchokera m'manja mwa jeketelo.

"Moni, achimwene," anatero Ingvar, mawu akutuluka opyapyala. "Njinga yakuferani panjira?"

"Wamuuza?" anafunsa munthuyo.

"Ndani? Chiyani?"

"Wamuuza za pakhosi?"

Ingvar anayesa kulambalala chakumphepete. Munthuyo sanaoneke akusuntha, koma dzanja linali litamugwira kale pamkono. Lozizira. Lonyowa. Lolimba ngati pulayala.

Mapazi anachoka pansi. Msana unakamenya zitsulo za mlatho, khuu! Mpweya wonse unathawa. Anagwa chafufumimba, nkhope ikukwecheka pa phula, mano awiri n'kutsalira pomwepo.

"Kumeneko n'kugwa uli pa giya yoyamba," anatero mlendoyo mosakweza mawu.

"Tengani foni... tengani makiyi a galimoto..."

Dzanja lija linamutolanso. Ulendo uno anauluka. Anatera paphewa, natsetsereka, nagubuduka, chikhoti chikung'ambika, khungu likutsalira pamsewu. Nthiti zinathyoka ngati nkhuni zouma. Anayesa kukuwa, koma m'kamwa munali magazi okhaokha.

"Yachiwiri."

Ingvar anakwawa. Kulowera kuti, sankadziwa. Nsapato zonyowa zinkamutsatira pang'onopang'ono. Tchwa... tchwa... Injini yosaoneka ija inakweza mawu mpaka mlatho wonse unanjenjemera pansi pa mimba yake.

Kachitatu anamumenyetsa pa chipilala chakumapeto. Mkono wamanzere unapindika pomwe palibe mfundo. Kenako anapezeka akulendewera kunja kwa zitsulo, mutu pansi, madzi akuda akuthamanga ndi zibenthu za ayezi. Chomugwira chinali dzanja limodzi lokha, pa kakolo.

"Imeneyo ndi yachitatu. Mwana uja mawa akhala pa yachinayi."

"Ndimuuza. Ndikulumbira, ndimuuza."

"Kukucha."

Anamuponya pa phula ngati thumba la mbatata. Injini inazima. Atakweza mutu, pa mlatho panali iye yekha ndi magazi ake.

Kwawo kunali pafupi, kungokwera kamtunda. Kunali bedi, foni ya m'nyumba, ambulansi. Yake ya m'thumba inali itasanduka magalasi. Ingvar anayang'ana kamtundako nthawi yaitali, ndipo mantha ndi manyazi zinamugwira pamodzi mpaka analira ngati mwana. Kenako anadzikoka n'kutembenukira komwe anachokera.

Ulendo umenewo sindiufunira ngakhale mdani. Ankayenda pang'ono, kugwa, kusanza, kudzuka, mkono wothyokawo ataukumbatira pachifuwa. Kumwamba kunayamba kutuwa. Mbalame zinayamba phokoso lawo losasamala za munthu. Ali pa ngodya yomaliza anamva injini ija ikudzuka, ndipo ulendo uno inali yeniyeni.

Viggo anali atakhala kale pampando, magolovesi m'manja, tayala lakutsogolo litaloza kuchipata. Ingvar anadzigwetsa patsogolo pake penipeni.

"Mdala! Chakugundani n'chiyani? Galimoto?"

"Tsika."

"Dikirani ndiimbe ambulansi..."

"Tsika, iwe. Ndipatse hamala."

Viggo anazimitsa injini, natsika, nabweretsa hamala akuganiza kuti mkuluyo wasokonezeka mutu. Ingvar anagwada, nakweza hamalayo ndi dzanja lotsalalo, namenya pakhosi pa felemu. Penti anathetheka. Anamenyanso. Zomata zija zinagwa ngati dothi louma, ndipo mng'alu unaonekera, wadzimbiri, wozungulira pafupifupi chitsulo chonse. Atamenya komaliza khosi linalekana, tayala linapita kwake, njinga yokongola ija n'kugwada ndi chifuwa pamiyala.

"Ndinakunamiza," anatero Ingvar. "Palibe katswiri anagwirapo. Ndine."

Viggo anayang'ana mng'aluwo, nayang'ana msewu wa kumapiri. Nkhope yake inafiira kuposa ndevu. Anamugwira Ingvar pa chikhoti n'kumudzutsa, chibakera chili m'mwamba, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma chikhoti chong'ambikacho chinavuka, mkono n'kukhala pamtunda. Pakhungu panali chidindo cha dzanja, chakuda bii, cholowa mkati ngati chowotcha. Chala chachikulu ndi zala ziwiri basi.

Chibakera chinatsika chokha.

"Wakugwirani apa ndani?"

"Munthu wina, pa mlatho. Wamtali, wa jekete lachikopa, wonyowa thupi lonse. Amadziwa za pakhosi. Amakutchula kuti mwana uja."

Viggo anamusiya, nakhala pansi pamiyala pafupi ndi njinga. Anaika dzanja lake pa thanki.

"Sindinakuuzeni dzulo poopa kuti mukweza mtengo. Njinga iyi anapanga ndi bambo anga, m'galaja momwemu. Zala zawo ziwiri zinadukira pa makina opalira felemu yomweyi." Analoza chakumtsinje. "Anawavuula pansi pa mlatho umenewo ine ndili mwana wa sukulu. Ali m'manda aja mwadutsa, kuseri kwa tchalitchi."