Mzime Abisa Kachipeso

Kunyumba onse amamutchula Mzime. Iye ndiye anabadwa pomaliza. Mzime amakonda kukhala pamiyendo pa Amayi. M'mawa uliwonse Amayi amamupesa tsitsi. Amapesa pang'onopang'ono, uku akuimba.

Tsiku lina Achimwene anabwera ndi katoni. M'katonimo munali kalulu woyera. Anamupatsa dzina loti Thonje.

"Taonani kamzime kathu katsopano," anatero Achimwene.

Mzime anakwinya nkhope. "Mzime ndine," anatero.

Thonje anali ndi vuto la m'mimba. Lero wadya bwino. Mawa wakana udzu. Akakana udzu, ankangokhala pakona, ali chete. M'khola simunkaonekanso timibulu ta chimbudzi chake. Ankachira, kenako n'kudwalanso.

Amayi anapita naye kwa dokotala wa ziweto. Mzime anapita nawo.

"Kalulu amadzinyambita," anatero adokotala. "Akamadzinyambita, amameza ubweya. Ubweyawo ukhoza kutseka m'mimba. Muzimupatsa udzu wouma wambiri. Muzimupatsa madzi. Azithamanga. Ndipo muzimupesa tsiku lililonse."

Kumupesa? Mzime anayang'ana Amayi. Amayi anangogwedeza mutu kuvomera.

Amayi anagula kachipeso kofewa. M'mawa anaika Thonje pamiyendo. Anamupesa pang'onopang'ono, uku akuimba. Nyimbo yake inali yomwe ija. Inali nyimbo ya Mzime. Tsitsi la Mzime analipesa mofulumira, ali chiimire.

Nsanje inamugwira Mzime. Inamugwira kwambiri ndithu.

Masana Achimwene anasuzumira m'khola. "Amayi, timibulu tabwera!"

Amayi anawomba m'manja.

"Ine ndajambula nyumba yokongola," anatero Mzime. "Palibe wawomba m'manja. Kalulu wangochita chimbudzi, mwawomba."

Achimwene anaseka mpaka misozi. "Nawenso uzidya udzu, tizikuwombera."

Mzime sanaseke. Anadikira kuti onse atuluke. Anatenga kachipeso. Anakabisa m'nsapato yakale, pansi pa bedi.

M'mawa Amayi anafunafuna kachipeso. Anafuna m'kabati. Anafuna kuseri kwa khola. Sanakapeze.

"Mzime, wakaona kachipeso ka Thonje?"

"Kaya," anatero Mzime, akuyang'ana pansi.

"Ndidzagula kena ndikadzapita kusitolo," anatero Amayi.

Mzime anakwera pamiyendo. Amayi anamupesa pang'onopang'ono, uku akuimba. Mzime anakondwa. Anamuyang'ana Thonje ndi diso la m'mbali.

Masiku anapita. Amayi anatanganidwa, kusitolo sanapite. Ubweya wa Thonje unayamba kuthothoka. Ubweya pampando, ubweya pansi, ubweya m'khola. Thonje ankangodzinyambita.

Kenako Thonje anakana udzu. Anakana madzi. Anakhala pakona, ali chete. M'khola munalibe kambulu ngakhale kamodzi.

Amayi anathamangira naye kwa adokotala. Anabwerako ndi mankhwala. Achimwene anakhala pafupi ndi khola. Tsiku limenelo sanaseke munthu.

Mzime anagwira mimba ya Thonje. Inali yolimba ngati mpira.

"Amayi, kodi Thonje afa?"

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero Amayi. "Tiyeni timusamale."

Mtima wa Mzime unawawa. Anakwawira pansi pa bedi. Anatulutsa nsapato yakale. Anabwera ndi kachipeso m'manja.

"Ndinakabisa ndine," anatero, misozi ili m'maso. "Miyendo yanu ndi yanga. Nyimbo ija ndi yanga. Munampatsa Thonje zonse."

Amayi anamukumbatira.

"Walakwa kubisa," anatero. "Nanenso ndalakwa kukupesa chiimire. Kachipesoka ukasunge ndiwe. Thonje akachira, uli ndi ntchito."

Mzime anasankha udzu wonunkhira bwino. Anauika pafupi ndi mphuno ya Thonje. Anasintha madzi. Anadikira. Anadikirabe.

M'mawa mwake Mzime ndiye anayamba kufika pakhola. Thonje anali kutafuna udzu. Pakona panali timibulu. Tinali tochepa, koma tinalipo.

"Amayi, Achimwene, timibulu tabwera!"

Amene anawomba m'manja kwambiri anali Mzime.

Tsopano m'mawa uliwonse Amayi amakhala pampando. Mzime amakhala pamiyendo pa Amayi. Thonje amakhala pamiyendo pa Mzime. Amayi amapesa Mzime. Mzime amapesa Thonje. Onse amapesa pang'onopang'ono, uku akuimba.

Mimba ya Thonje imavutabe nthawi zina. Koma Mzime amaona msanga. Amayang'ana udzu, amayang'ana madzi, amayang'ana timibulu.

Tsiku lina Achimwene anaima pakhomo. Anawayang'ana onse atatu.

"Nanga tsopano mzime ndani m'nyumba muno?" anafunsa.

Mzime anachotsa ubweya pakachipeso.

"Mzime wa Amayi ndine," anatero. "Thonje ndi mzime wanga."